Mmene ndinaphunzitsira mphwanga kukana

Anthu amati ndine wamtima wapachala. Akazi anga amatero, anzanga a kuntchito ankatero, ngakhale abusa anateropo pa guwa Lamulungu lina. Dzina sanatchule, koma mpingo wonse unacheuka kuyang'ana benchi yanga. Ine sindivomereza. Ndimangokweza mawu munthu akamachedwa kumva, basi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhani ya mphwanga simungaimvetse musanadziwe nyumba imene anakuliramo.

Mphwangayo ndi mwana wa mlongo wanga. Bambo ake atamwalira ndinakamutenga kumudzi akadali ku pulayimale, monga amachitira malume aliyense wodziwa udindo wake. Nthawi imeneyo ndinali kalaliki woyang'anira magalimoto pa unduna wina ku Capital Hill, ndipo tinkakhala m'nyumba ya boma ku Area 18. M'nyumba mwanga munali lamulo limodzi lokha: wamkulu akalankhula, mwana ayankhe kuti "ee", nkhani ithere pomwepo. Ana anga obereka ankalizemba lamuloli podutsira kwa amayi awo. Mphwanga yekha ndiye analimeza lathunthu. Ndikamuitana ankabwera n'kunjuta pakhomo, manja pamodzi, maso pansi. Ndikanena kuti mvula ikubwera, ankathamanga kukaanula zovala dzuwa likuswa mtengo. Alendo ankandiyamikira kuti ndimatha kulera, ine n'kumavomera, chifukwa zinali zoona.

Mutu anali nawo. Anakhoza Fomu 4 bwino kuposa mmene ndinakhozera ine, ngakhale mayeso a nthawi yathu anali ovuta, ndipo anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Blantyre kukaphunzira za uinjiniya. Matenda a ndege anamugwira pamene bwalo latsopano linatsegulidwa ku Lumbadzi. Ndege ikamadutsa pamwamba pa nyumba ankaima chilili, kukamwa yasa, ndowa ili m'manja, madzi akutayikira pa nsapato. Ine ndinkati zidzatha ngati chikuku. Sizinathe.

Pa tchuthi chachitali cha chaka chake chachitatu, iye ndi anzake angapo anatengedwa kuti azikaphunzira ntchito mu shedi yokonzeramo ndege ku Lumbadzi komweko. Anawauza poyera kuti tchuthi chikamatha adzasankhapo ochepa oti akaphunzire kunja, adzabwere ali mainjiniya a ndege enieni, aja amene akapanda kuvomereza ndege sinyamuka. Otsalawo abwerere ku milatho ndi mapampu a madzi. Mphwanga sanandiuze kuti akuwafuna malowo, chifukwa sankandiuza kanthu ndisanamufunse. Ndinadziwira pa ovololo. Ankaichapa yekha akaweruka, n'kuisita ngati suti ya ukwati.

Lamulungu masana anzakewo ankadzazana pakhonde panga. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atakwerapo ndege ikuuluka, koma mukanawamva mukanati anabadwira m'mwamba. Chingerezi chinkachita kusefukira, Chichewa n'kumangolowa apo ndi apo ngati mchere. Tsitsi onse analisiya mpaka pamalire enieni a lamulo, pafupi ndi kolala koma osaikhudza, kuti apolisi aziwayang'ana koma asawamete. Tsiku lina anatenga lichero la akazi anga n'kumaliyendetsa m'malere, kusonyezana mmene mphepo imanyamulira phiko. Akazi anga anatuluka liwiro kukawalanda.

"Ana inu mukufuna kundiputira nkhani? Lichero ndi zouluka pakhomo panga? Oyandikana nafe amva zina!"

Anzake onse anatsutsa, wina mpaka kujambula pansi ndi kamtengo kuti awafotokozere bwino. Mphwanga anangoti, "Pepani," n'kukabweza lichero kukhitchini.

Phindu limene ine ndinapeza pa maphunzirowa linali la galimoto. Ndinali ndi kagalimoto kakale kamene ndinagula kwa mzungu wina wa zaulimi akubwerera kwawo. Kankalira pang'ono pokwera mtunda, koma kanali kasanandisiyepo pamsewu. Mphwanga anakasandutsa ndege yake. M'mawa, asanakakwere basi ya kuntchito, ankakazungulira pang'onopang'ono, kugwira tayala lililonse, kusuzumira pansi, kutsegula boneti, kununkhiza. Anati ku shedi amatero, ndege imayenderedwa kaye ndi maso ndi manja isanapite kulikonse. Ikapezeka ndi vuto amaimangirira kansalu kofiira pamalo oonekera, ndiye palibe woigwira, kaya akhale woyendetsa wamkulu wa mizere paphewa, mpaka amene anamanga kansaluko adzamasule yekha.

"Ndiye kagalimoto kangaka wakapeza bwanji?" ndinamufunsa.

"Kali bwino ngati inu mukuti kali bwino, amalume."

Yankho limenelo linandisangalatsa.

Tchuthi chitafika pakati, ananjuta pakhomo la chipinda chochezera n'kunena kuti injiniya wamkulu wa ku shedi akufuna kuonana ndi womulera, kunyumba kwawo ku Area 10, Loweruka masana. Ndinamufunsa chimene walakwa. Anati sakudziwa. Ndinamukalipira pang'ono pasadakhale, kuti ngati walakwadi tisadzataye nthawi.

Ku Area 10 ndinali nditapitako kangapo kukasiya magalimoto a mabwana, koma malo aja sindinawazolowere. Misewu yake ilibe anthu. Mumangoona mipanda ya maluwa, mageti, ndi agalu onenepa kuposa mesenjala wa ku ofesi kwathu, ndipo kuli zii ngati kwagwa maliro oletsa kulira. A injiniya ndinawapeza atavala kabudula, akuthirira tomato kuseri kwa nyumba. Anali Mmalawi mnzathu, wamfupi, wa imvi za m'mbali, wolankhula motsitsa moti ndinachita kupendeketsa khutu. Anali atakhala kunja zaka zambiri, koma Chichewa chawo chinali cha konkuno, cha ku Dowa.

Tinakhala pakhonde, anandithirira tiyi, n'kuyamba kumuyamikira mnyamatayo. Manja abwino, maso akuthwa, sataya sipanala, mabuku amawadziwa kuposa anzake onse. Ine ndinkangogwedeza mutu ndikudikira "koma". Munthu sakuitanira ku Area 10 kuti akuuze zabwino zokhazokha.

"Koma sindingamutumize kunja," anatero.

Ndinaika kapu pansi, sosala inalira.

"Waba?"

"Ayi."

"Amamwa?"

"Ayi, bambo. Amavomera."

"Amavomera chiyani?"

"Chilichonse. Sabata yathayi ndinamuonetsa nati imene ndinaimanga molakwika dala, n'kumuuza kuti ili bwino. Ndinaona m'maso mwake kuti cholakwikacho wachiona. Anandiyankha kuti, 'Ee, bwana.' Nditachoka anabwerera mozemba n'kukaikonza. Mnzake wina, amene sadziwa ndi theka lomwe la zimene amadziwa iyeyu, anandiuza pamaso kuti, 'Bwana, apa mwaphonya.' Ameneyo ndimutumiza."

"Koma natiyo anaikonza," ndinatero.

"Anaikonza chifukwa ndinachoka. Tsiku lina sindidzachoka. Padzakhala woyendetsa ndege wachedwa, bwana wamkulu akuyang'ana wotchi, anthu atakhala kale m'mipando, mwina muli nduna. Pamenepo pamafunika munthu woti anene kuti ayi, sinyamuka, n'kuima pomwepo ngakhale amutukwane. Kumwamba kulibe poimika kuti mutsegule boneti." Kenako anandifunsa kuti, "Anamulera ndani mwanayu?"

"Ine."

"Zikuoneka."

Sindinadziwe ngati kunali kuyamikira, ndiye ndinathokoza. Anati atipatsa mpaka kutha kwa tchuthi. Mnyamatayo akangowatsutsa pamaso, pa chinthu choona, osabwerera m'mbuyo, dzina lake lilowa. Akapanda kutero, milatho ikumudikira. Anandipempha kuti ndimuthandize kunyumba.

Ndinabwerera ndikuwira. Zaka zonsezi ndikuwongola mwana, lero munthu wa kabudula akundiuza kuti ndamuwongola mopitirira. Komabe malo a kunja ndi malo a kunja, ndipo mlongo wanga anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wake azikakonza ndege. Ndinaganiza kuti ngati ndinatha kumuphunzitsa kuvomera, kukana sikungandivute. Ndinamukhazika pampando, osati pansi, n'kumufotokozera zonse zimene ndinamva.

"Kuyambira lero uzinditsutsa. Wamva?"

"Ee, amalume."

"Usamati ee!"

"Chabwino, amalume."

Akazi anga anatuluka m'chipindamo atatseka pakamwa ndi chitenje.

Maphunziro athu ankachitika ndikaweruka. Ndinkanena bodza loonekeratu kuti iye anditsutse. Ndinaloza mpando n'kunena kuti ndi mbuzi. Anauyang'ana mpandowo nthawi yaitali n'kunena kuti miyendo ndi inayidi. Ndinati Zomba ili kumpoto kwa Mzuzu. Anati iye kumpoto sanafikeko. Lachinayi lina ndinati lero ndi Lolemba. Anati mwina kalendala ya kukhitchini ndi ya chaka chatha, akaiona.

"Iwe! Nena kuti ayi! Nena kuti, ayi, zimenezo si zoona!"

Ananena, koma chapansipansi ngati akupempha mchere pamaliro.

"Kweza! Ayi! Si zoona! Sitikuvomera!"

Ndinamuonetsa kanenedwe kake kangapo, ndipo mawu anga, monga ndanena kale, amamveka. Mawa lake ndikutsuka mkamwa panja, a tcheyamani a nthambi ya chipani, amene ankakhala kuseri kwathu, anaima pa mpanda. Anandipatsa moni wautali, wa ana ndi wa kumudzi, kenako anati:

"Achimwene, dzulo timamva kuti kuno kuli zina zimene simukuvomera. Ndiye ndimati ndimve nawo, ndi ziti?"

Masiku amenewo funso lotero linkaumitsa malovu. Ndinawafotokozera za nati, za mpando ndi mbuzi, za Zomba ndi Mzuzu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti maphunziro ndi abwino ndipo boma limawalimbikitsa, koma ena amafunika kutseka mawindo. Kuyambira tsikulo tinkakanira kuchipinda, mawindo otseka, wailesi ikulira.

Kamodzi kokha anayesa. Tikudya, ndinanena kuti ndege imayendera petulo ngati galimoto, kungoti imamwa wambiri. Ilo silinali bodza la maphunziro, ndinkadziwa choncho. Iye anadzutsa mutu pang'ono.

"Amalume, ndege zazikuluzi mafuta ake ndi apachibale ndi palafini."

"Palafini? Wa nyali? Ukundiyesa mwana ine?"

Ndinamenya tebulo, masupuni anadumpha. Mutu uja unabwerera pansi. Akazi anga anadikira kuti ana atuluke.

"Bambo, nkhuku mukuiitana ndi chimanga dzanja ili, dzanja linalo mwagwira mwala. Ibwera bwanji?"

"Wanditsutsa molakwika."

"Wakutsutsani molondola. Kafunseni."

Ndinakafunsadi kwa dalaivala wina wa ku unduna amene ankanyamula alendo ku bwalo la ndege. Zimene anandiyankha sizikukhudza nkhani ino.

Ndinaganiza zomuyesera pa anthu ena, poti mwina ine amandilemekeza mopitirira. Loweruka lina tinatsikira ku Old Town kukatenga thalauza limene telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye ankamusokera, loti adzavale akadzasankhidwa. Telalayo anali Msilamu wachikulire wa mzuli woyera, amene ankandisokera ine kuyambira kale. Thalauza linatuluka mwendo wina wautali. Osati pang'ono ayi: wina unkapsompsona nsapato, wina ukuonetsa sokosi. Ndinamutsina mphwanga pamkono kuti mpata ndi umenewu. Iye anayang'ana miyendo yake, anayang'ana ndevu zoyera za telala, n'kunena kuti mwina ndi iyeyo amene waima mopendama. Ndinatsutsa ndine, mokweza, mpaka mmwenye anatuluka m'sitolo kudzaona ngati kukuyaka. Telala anachotsa mapini pakamwa n'kunena modekha:

"Thalauza tikonza, bwana. Mwanayu ali bwinobwino. Ofunika kupinda pang'ono ndi inuyo."

Tchuthi chinkatha. Anzake pakhonde anasiya kukamba za mapiko n'kumanong'onezana za amene apite ndi amene atsale. Mphwanga anaonda. Ovololo ankaisitabe, koma ndege ikamadutsa sankadzutsanso mutu, ndipo zimenezo zinandikhala pamtima kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinamukalipira kuti asiye kuoneka ngati wodwala.

Loweruka lina chakumapeto kwa tchuthi kunali chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga wina ku Mitundu. Ine ndinali nkhoswe ya kuchimuna, ndiye mwambo sukanayamba ndisanafike, ndipo tambala wokapereka kuchikazi anali kwa ine, womangidwa miyendo m'dengu. Ndinavala suti yanga yakuda ndi tayi. Akazi anga anali atakhala kale kumbuyo, dengu pamiyendo. Nditatsegula chitseko cha kutsogolo ndinapeza kansalu kofiira katamangidwa pa chiwongolero. Ndinabwerera m'nyumba, pa msomali pamene ndinkakoleka makiyi panalibe kanthu.

Mphwanga anali atanjuta pafupi ndi tayala lakumbuyo, manja ali bii ndi girisi.

"Ichi n'chiyani?"

"Galimoto siyenda, amalume."

Ndinaseka. Ndinaganiza kuti wangosankha tsiku lolakwika lochitira maphunziro athu.

"Wakhoza. Ndamva. Mawa tidzapitiriza. Bweretsa makiyi."

"Si za maphunziro, amalume. Paipi ya mabuleki yang'ambika apa, mafuta akudontha. Taonani pansipa."

Pansi panalidi ponyowa, pang'ono chabe, ngati pamene pakodza mphaka. Ndinamuuza kuti galimoto yakale iliyonse imadontha, ngakhale munthu wakale amadontha. Ndinati tithiramo mafuta ena, timangapo mphira, ndiyendetsa pang'onopang'ono. Msewu wa ku Mitundu ndinayamba kuuyenda iye asanabadwe.

"Ayi, amalume."

Anatero maso ali pansi, koma mawuwo anamveka mpaka kwa a tcheyamani.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindizilemba zonse, ana angawerenge. Ndinamukumbutsa amene anakamutenga kumudzi, amene anamuveka nsapato zake zoyamba. Ndinamufunsa ngati galimotoyo ndi ya yunivesite. Ndinavula jekete. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo, ena miswachi ili mkamwa. Tambala naye analowerera. Mphwanga anasiya kunjuta n'kugwada, maondo onse pa fumbi, n'kumawomba m'manja mwaulemu ngati akupepesa kwa apongozi.

"Mundimenye, amalume, palibe kanthu. Koma potsetsereka kupita ku mlatho wa Lilongwe mabulekiwa sakagwira, ndipo m'galimotomu muli amayi. Makiyi sindipereka."

"Ali kuti?"

"Pansi pa bondo langa."

Akazi anga anatsika m'galimoto mwakachetechete, anasenza dengu, n'kuyamba kulowera kumsewu.

"Bambo, ine ndikukakwera basi. Mukatha kumuphunzitsa mwanayo mundipeza."

Panalibenso chochita. Munthu sungakoke mwana wa mlongo wako wogwada, wa ku yunivesite, pamaso pa a tcheyamani, utavala tayi.

Tinakwera basi mpaka ku depoti ku Old Town, kuchoka apo matola, lole ya matumba a feteleza. Ndinakhala pa thumba ndi suti yanga, tambala akundijompha pa bondo kudzera m'dengu. Mphwanga anakwera nawo, anakakhala kumapeto kwenikweni kwa lole, makiyi anga ali m'thumba mwake. Tinafika dzuwa litapendeka, akuchikazi atayamba kale nyimbo zonyogodola akuchimuna ochedwa, ndipo mayi wina ataona suti yanga anafunsa mokweza ngati nkhoswe yachokera kumunda. Mwambo unayenda, banjalo lilipo mpaka lero, koma ine tsiku limenelo chakudya sichinatsike.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinayenda wapansi mpaka ku Area 10, fumbi la dzulo likadali m'makutu. Ena m'banja mwathu amati ndinapita mochenjera, kukamunenera bwino mwanayo. Bodza. Ndinapita kukakalipa. Galu wawo anandiuwa kamodzi, nditamuyankha anakalowa pansi pa galimoto.

"Mwandionongera mwana!" ndinayamba ndisanakhale pansi. "Ndinakupatsani mwana waulemu, mwandibwezera chigawenga!"

A injiniya anayang'ana kumpanda.

"Mawu amenewo tsitsani, bambo. Khalani pansi. Wachita chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, za kansalu, za makiyi, za lole ya feteleza, za mayi wa pakamwa uja. Ndinkayembekezera kuti apepesa. Iwo anayamba kundifunsa ngati wapolisi. Kansalu anamanga pati? Vutolo analitchula dzina, kapena anangoti galimoto sili bwino? Anakuonetsani ndi chala? Mutakalipa anasintha mawu?

"Anagwada," ndinatero.

"Kugwada agwade, zimenezo n'zakwathu, sizigwetsa ndege. Makiyi anapereka?"

"Sanapereke! Ndi zimene ndikukuuzanizi!"

"Munakalipa ngati mmene mukukalipiramu?"

"Apa sindinayambe n'komwe."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana akazi awo kuti adzamve nawo, ine ndiyambirenso pa tambala.

"Bambo, ku shedi kwathu kulibe woyendetsa ndege kapena bwana woopsa ngati inu. Ngati wakukanizani inuyo makiyi, ena onsewa ndi ana."

Ndinawauza kuti sindinabwere kudzaseketsa anthu, n'kunyamuka tiyi ndisanamalize.

Komabe a injiniya sanangodalira mawu anga. Mkati mwa sabata anamutcheranso msampha ku shedi, waya wina amene anamusiya dala osamanga bwino, n'kumulamula pamaso pa anzake kuti atseke chivundikiro, nthawi yatha. Ndinamva kwa mnzake uja wosaopa kulankhula kuti mphwanga anavula chipewa, anapinda maondo pang'ono, n'kunena kuti, "Pepani bwana, ayi. Wayayu sali bwino, sinditseka." A injiniya akuti anakweza mawu kuti amuopseze. Pambuyo pake ndinamufunsa mphwanga ngati sanachite mantha. Anati ayi, kukweza kwawoko kunali ngati mmene ine ndimadalitsira chakudya.

Dzina lake linalowa.

Galimoto inakhala pakhomo ndi kansalu kake mpaka makanika wa kufupi ndi msika wa Tsoka anabwera ndi paipi ina. Iyenso anali ndi maganizo ake pa za mabulekiwo, anachita kuimba mluzu ataona paipi yakaleyo, koma makanika aliyense amakokomeza kuti ntchito yake ioneke. Ine mpaka lero ndimati ku Mitundu tikanafika. Makanika atamaliza ndinatambasula dzanja kuti ndimasule kansalu kaja. Mphwanga anatsokomola kumbuyo kwanga. Ndinabweza dzanja. Anazungulira galimoto yonse, anasuzumira pansi, anapondaponda buleki, n'kumasula yekha. Kenako ananjuta n'kundipatsa makiyi anga ndi manja awiri.

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza ku Lumbadzi pa galimoto yomweyo. Mlongo wanga anabwera kuchokera kumudzi ndi mtedza wokazinga woti mwana akadye kunja, ndipo njira yonse ankandithokoza kuti ndamulerera mwana womvera. Akazi anga ankayang'ana pawindo. Thalauza lija linali litalingana miyendo. Potsanzikana ndinaona kuti malume ayenera kupereka malangizo, ndiye ndinamuuza kuti jekete limene wavalalo ndi lokwanira, kunja sikuzizira monga amakokomezera anthu.

"Ayi, amalume, kumazizira," anatero, pamaso pa anthu, amayi ake ali pomwepo.

Ndinamusiya chifukwa panali apolisi.

Tinakwera pakhonde la pamwamba pamene operekeza ankaimirira. Tinamuona akuyenda pa tala ndi mnzake uja, ndipo asanakwere masitepe anaima n'kusuzumira pansi pa phiko, mpaka mtsikana wa yunifolomu anachita kumukodola kuti afulumire. Mlongo wanga ankalira, ine ndinkamuuza kuti asatichititse manyazi. Ndege itayamba kubangula, mphepo inabweretsa fungo pakhondepo, ndipo akazi anga anandigunda ndi chigongono.

"Mukumva fungo la chiyani, bambo?"

Linali fungo la nyali. Ndinawauza kuti ndili ndi chimfine.